Loko wa Dailesi

Mukatsika minibasi pa Bangula n'kufunsa za Dailesi, musanamalize funso akhala atakuyankhani kale: ndi mayi uja anatseka mwamuna wake. Osati kumutsekera m'nyumba, ayi. Kutseka kuja timanena motsitsa mawu ana akakhala pafupi. Amati anatenga loko, n'kutchulirapo dzina la Fernando katatu, n'kumutseka kuti kha, kenako n'kumumiza m'galasi lamadzi lija amapangira ndolo, galasilo n'kuuma gwa loko ali m'kati. Kuchokera tsiku limenelo, amatero, Fernando anagwa mu mpapaya, moti mkazi wake watsopano ankagona naye ngati munthu ndi mlongo wake. Amayi a nsomba amalumbira chala chili m'mwamba. Makondakitala amawonjezera kuti galasilo ukaliyang'anitsitsa m'mawa umaona Fernando m'katimo atanyonyomala.

Ndi bodza. Ndikunena motsimikiza chifukwa bodzalo ndinaliyambitsa ndine, tsiku lina masana ntchito itasowa.

Ine ndine Ernest, ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika wa nsomba. Tebulo la Dailesi lili pafupi ndi zitsulo zanga, mthunzi timagawana. Zimene ndikulemba pano zina wandiuza yekha, osati tsiku limodzi koma pang'onopang'ono, uku akusanthula m'chitini changa cha zotayataya. Zinazo ndinaona ndi maso angawa.

Dailesi anabadwira kwa Mlolo, tsidya lija la Shire, kumene nthaka imakupatsa chimanga kawiri pa chaka kenako n'kudzakulanda zonse ndi nyumba yomwe. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi Fernando, wogulitsa milamba yowamba, mwamuna wamtali, wa mpata m'mano, wodziwa kupereka moni. Pamsika pano tinkamukonda. Ankabwera ndi dengu pa kaliyala, n'kutipatsa nkhani za tsidya, kuseka mpaka misozi. Koma anali ndi matenda awiri. Oyamba tinkawadziwa tonse: sataya chitsulo. Msomali wopindika, sipoko yothyoka, kiyi wa loko amene anasowa kalekale, zonse ankazikoleka pa waya umodzi m'chiuno, moti akamayenda ankamveka ngati ng'ombe ya pangolo. Ndikamusinthira nati, yakale ankaitola pansi n'kuipukuta. Matenda achiwiri sitinkawadziwa.

Nyumba anamanga kudimba, kutali ndi anthu, ati kuti azipirikitsa mvuu m'chimanga. Tsiku la msika likafika, asanawoloke kubwera kuno, ankalowetsa mkazi ndi mwana m'nyumba, n'kuwasiyira ndowa ya madzi ndi chitini chodzithandizira, n'kukoleka loko kunja. Ati kuopa asodzi. Kuchoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka, zaka zinayi. Dailesi anakadandaula kamodzi kokha kwa Sebastiano, mkulu wake wa Fernando yemwenso anali nkhoswe. Sebastiano anamuuza kuti akazi ena akulira kusowa mwamuna wowasamala chotero. Sanauzenso munthu wina. Anali ndi manyazi, ngati wotseka chitsekoyo ndi iyeyo.

Chaka cha namondwe wamkulu uja, mu Malichi, mvula inagwa masiku angapo kumapiri. Ena anamva pa wailesi n'kusamukira kumtunda. Fernando anati madzi amawadziwa kuposa wailesi, padimba pake safika. Tsiku la msika anatseka monga mwa nthawi zonse n'kukwera bwato.

Madzi anafika m'mawa cha m'ma naini. Sanabwere ndi phokoso. Anangoyamba kukwawa pansi pa chitseko ngati munthu watayira ndowa pakhonde. Dailesi amati nthawi imeneyo anali m'mapazi basi, ndipo kumtunda kwa tchalitchi sikunali kutali, akanayenda ndi miyendo mwana ali kumbuyo, n'kufika chitenje chisananyowe. Anamenya chitseko ndi munsi. Chitsekocho chinali cha tsanya, pakuti Fernando pa nkhani ya zitseko sankaumira. Anakuwa, koma kudimba womva ndani? Madzi m'mawondo. Madzi m'chiuno. Anakwera pa mtondo, kuchoka apo pa mtanda wa denga, n'kuyamba kung'amba udzu ndi manja, Melissa wa zaka ziwiri ndi theka atamubereka kumbuyo. Bowo linali laling'ono, anthu awiri sakanatulukira pamodzi. Anamasula mwana, n'kumukhazika pa mtanda, n'kumuuza kuti agwiritse, kuti atuluke kaye iye kenako amukoke. Khoma linagwa mutu ndi mapewa ake zili kunja.

Akafika pamenepa sapitiriza, ndipo ine ngakhale ndili ndi pakamwa sindifunsa.

Opalasa bwato anamupeza patapita masiku awiri ali mu mtengo wa mango, kutali ndi pamene panali nyumba, manja atasupuka, ali yekha. Pomwe ankafika naye ku kampu ya pasukulu, Fernando anali atalira kale masiku awiri, ndipo kulira ankakudziwa ngati kuseka komwe. Anali atauza kale aliyense kuti iye anasiya chitseko chotsegula. Loko, anatero, ali ndi kiyi mmodzi yekha, ndipo kiyiyo amakhala ndi mkazi, pa mkuzi m'chiuno. Mkaziyu ndiye anatsekera mwana m'nyumba n'kupita kwa msodzi wake. Kupanda kutero, zinatheka bwanji kuti wamkulu apulumuke, mwana ayi? Pa maliro opanda mtembo aja anabwereza mawu omwewo atagwira Baibulo. Sebastiano anali pambali pake akugwedeza mutu.

Anthu a m'kampu anali atataya ana, makolo, mbuzi, mbewu. Madzi sungawatukwane, sakumva. Dailesi ankamva. Amayi a mu tenti yake anasuntha mphasa zawo. Pamzere wa ufa ankamubweza kumbuyo mpaka matumba atha. Ankamuitana mokoma, ngati nyimbo, "Make Melissa!" Akacheuka n'kumufunsa, "Melissayo ali kuti?" Inenso ndinaponyapo langa. Ndinati mayi ameneyu ndi katswiri wa liwiro, anapikisana ndi mwana wake n'kupambana. Anthu anaseka kwambiri. Sindikubisa.

Madzi ataphwa Dailesi anawoloka ndi khasu kukakumba mumchenga pamene panali nyumba. Ankafuna mafupa oti aike m'manda. Anakumba masabata atatu, sanawapeze. Anapeza chitseko chitakwiririka, loko ali pomwepo, wotseka, atagwira zitsulo zake ziwiri, china cha pachitseko china cha pafelemu. Anazula zitsulozo ndi misomali yake yomwe n'kubwera nazo ku kampu zili m'manja ngati wanyamula mwana. Ankaganiza kuti anthu akaona amvetsa.

"Inde, ndi wotseka," anthuwo anamuyankha. "Unatseka ndiwe. Kiyi unamutaya mu Ruo."

Pamenepo anadziwa kuti loko yekha salankhula. Ndipo kuyambira tsiku limenelo Dailesi wakhala akufuna chinthu chimodzi chokha padziko: kuti anthu adziwe kuti si iye anatsekera mwana wake. Ukwati unatha. Fernando anasamukira tsidya lino, n'kukatenga mtsikana kwa Chapananga dzina lake Jesinta, wa kudera louma, wosadziwa nkhani za m'mitsinje.

Ntchito ya galasi inamupeza m'kampu momwemo. Kunabwera bungwe lina kudzaphunzitsa amayi ntchito zamanja. Makina osokera anapita kwa amene anali ndi abale mu komiti. Otsala anawapatsa mayi wina wa ku Blantyre wa mabotolo awiri. Mankhwala ake amati lezini. Amaoneka ngati madzi olemera. Usakaniza a botolo ili ndi a botolo ilo, n'kuthira m'kachikombole, mawa lake wapeza auma, oonekera mbee ngati galasi koma osasweka wamba. Chimene waika m'katimo chimakhala momwemo. Anayamba amayi khumi ndi awiri. Koma lezini amanunkha, amayabwa, ndipo kutentha kwa kuno sakudziwa: mayi wa ku Blantyre ankati muli ndi nthawi yokwanira yothirira, pamene kuno amauma uli mkati motakasa, kapu n'kutentha m'manja ngati mbatata yowotcha. Khumi ndi mmodzi anasiya. Mphunzitsiyo ankaika maluwa ouma m'katimo. Dailesi anati maluwa kuno amadya mbuzi, iye aziika zitsulo.

Ndi mmene anafikira pa nimu wanga. Tsiku loyamba sanandipatse moni, anangoti, "A Ernest, izi mukutaya?" Ndinati, "Tengani, mayi othamanga." Anatenga.

Bwerani mudzaone zimene amapanga ndi zinyalala zanga. Timanati ta mkuwa ta pa vavu amatikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka tiziwala ngati golide wa m'masitolo a ku Limbe. Timutu ta masipoko amatiyala ngati maso a nsomba. Waya wofiira wa m'wailesi yakufa amamukulunga pa msomali, n'kutuluka kankhono. Mbedza za asodzi, mfundo za tcheni, ndalama zakale za tambala zimene ngakhale wopemphetsa amakubwezera, zonse zimalowa m'galasi n'kutuluka ndolo, zibangili, zokolekera makiyi. Anamwino ndi akazi a mabwana a ku nzimbe amavala m'makutu zimene ine ndinachotsa pa njinga ya wogulitsa makala. Ndikawaona ndimavula chipewa, kupereka ulemu kwa vavu.

Ali ndi malamulo ake. Amathira m'mamawa kusanatenthe. Chitsulo amachiyanika padzuwa tsiku lathunthu, chifukwa chikalowa ndi kachinyezi ngakhale pang'ono, galasi limachita chifunga ndipo dzimbiri limadzuka m'kati momwemo, pomwe sungalifikirenso. Sathira kamodzi, pakuti chitsulo n'cholemera, chimamira n'kukagona pansi. Amathira pang'ono, n'kudikira kuti kugwire, n'kukhazika chitsulo, n'kuthiranso pamwamba. Tithovu amatithyola ndi minga ya mthethe, kamodzikamodzi, lilime atalitulutsa. Akatha amavundikira ndi beseni kuopa ntchentche ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa limene limagwa kuno ngati mvula yakuda. Ntchentche ikagweramo, imeneyo yapeza manda okongola kuposa a abwana.

Loko uja anamuumba chaka chachiwiri. Anayamba n'kumuviika mu parafini masabata angapo, kuchotsa mchenga ndi singano, kudonthezera mafuta a makina. Pabowo la kiyi anamata phula la kandulo. Nditafunsa anati pabowo pamatuluka mpweya umene umawononga galasi, ndipo n'zoona, amatero ndi chitsulo chilichonse cha mphako. Anathira kasanu ndi kawiri, masiku asanu ndi awiri, mpaka kutuluka chinthu chachikulu ngati theka la njerwa: loko wa mkuwa ali lende pakati, atagwira zitsulo zake ziwiri, misomali yopindika ili pomwepo. Anachiika pakona pa tebulo. Sichinali chogulitsa. Mzungu wina wa galimoto ya bungwe anachifuna, Dailesi anangoti, "Nkhabe," kukana kwa Chisena kumene sikusiya mpata.

Tsopano bodza langa. Jesinta atakhala pabanja zaka ziwiri opanda mimba, anadandaulira mnzake wina wogulitsa nsomba kuti vuto si iye, bambowo akafika pamphasa amangotembenukira kukhoma. Kuuza mayi wa nsomba chinsinsi kuli ngati kuuza wailesi. Masana a tsiku lomwelo nkhani inafika pa nimu, anyamata a kabaza atadzaza, aliyense akupereka maganizo ake, wina ati ndi kachasu, wina ati ndi chishalo cha njinga. Ine ndinaloza patebulo la Dailesi ndi sipanala.

"Mukuvutikiranji? Fernando si uyo ali m'galasimo?"

Wina anagwa pa njinga ndi phwete. Pofika madzulo nkhani inali ku Nsanje boma, mawa lake ku Nchalo, ndipo inabwerera kuno itanenepa, ili ndi dzina lotchulidwa katatu limene ine sindinaikemo.

Kuno nkhani ya loko si yoseweretsa. Amuna anasiya kugula zokolekera makiyi, ena ankazungulira kutali atagwira kutsogolo kwa buluku. Wina analavulira patebulo. Kutchalitchi anamuuza kuti ayambe wakhala benchi ya kumbuyo. Akazi ena ankabwera monong'ona, loko watsopano atamubisa m'chitenje, kupempha kuti awakonzere amuna awo. Onsewo ankawabweza. Koma kukana bodzalo sanakane, ngakhale kamodzi. Nditaona kuti zafika poipa ndinapita kukapepesa, chinthu chimene sindichita kawirikawiri, ndinati ndiima pa benchi ndiuze msika wonse kuti zinali nthabwala.

Sanadzutse mutu. Anali akuthyola tithovu.

"Isiyeni iyende," anatero. "Kwa nthawi yoyamba pakamwa panupo pagwira ntchito."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinamva patapita mwezi, Sebastiano atabwera ndi hamala m'thumba la jekete, kutentha konseku.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Ulamu unapita ndi madzi, a Sebastiano. Mukufuna ndolo?"

"Tabwera mwamtendere. Chinthu icho mutipatse."

"Chiti? Pano zinthu n'zambiri."

"Mng'ono wanga akuvutika. Mkazi wamanga katundu."

"Pepani. Akudwala chiyani?" Anafunsa mokweza. Amayi a nsomba anasiya kupala mamba.

"Mukudziwa inu."

"Ine si dokotala. Nenani, mwina ndi malungo."

Sebastiano anatulutsa hamala. Dailesi anakankhira galasi lija kutsogolo kwake, mpaka m'mphepete mwa tebulo.

"Phwanyani. Koma loko wophwanyidwa satsegukanso. Mukafunse amene wakutumaniyo."

Hamala inatsika pang'onopang'ono. Sebastiano anali atatumidwadi ndi sing'anga wina wa ku Marka, ndipo atabwererako kukafunsa, sing'angayo sanafune kuoneka kuti mkazi wa pamsika akudziwa malamulo kuposa iye. Anavomereza, n'kuwonjezera ake: loko atsegulidwe ndi kiyi wake weniweni, osati wosula dzulo, ndi dzanja la mwini wake wodwalayo, masana, pamalo pomwe anthu akhala akumuona. Sebastiano anabweranso nkhope itagwa.

"Alamu, kiyi ujatu anapita ndi madzi."

"Ndiye basi," anatero Dailesi. "A Fernando azolowere."

Panapita masabata atatu. Amalume ake a Jesinta anabwera kuchokera kwa Chapananga n'kunena kuti mwezi ukatha zinthu zili chomwecho, mwana wawo akumutenga. Pamsika Fernando sankathanso kugulitsa. Aliyense wogula mlamba ankayamba waupinda n'kufunsa ngati uwunso ndi wofooka. Ndikuganiza kuti anawerenga zaka, n'kuona kuti zapita zitatu, n'kudziuza kuti zimene munthu analumbira pa maliro m'kampu palibe akuzikumbukira. Ndipo sanalakwitse kwenikweni. Ine ndemwe ndinali nditaiwala.

Anabwera tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, Sebastiano kutsogolo, Jesinta kumbuyo atafunda chitenje kumutu. Munthu anali atatha, kolala ya shati ikuzungulira khosi. Anayesa kutipatsa moni wake wakale uja koma mpata wa m'mano sunathandize. Msika wonse unasamukira pa nimu. Ena anakwera mumtengo. Ogulitsa mbuzi anasiya mbuzi.

Dailesi anabwereka sowo yanga yodulira zitsulo n'kuyamba kucheka galasi yekha, ntchito yake ya masiku asanu ndi awiri, fumbi loyera likugwera pamapazi. Anacheka mosafulumira.

"Pang'onopang'ono mayi, mungadule za eni!"

"Fernando, ukumva kuwawa?"

"Gwira pamenepo, zingagwe!"

A kabaza ankaliza mabelu. Fernando ankaseka nawo pang'ono, maso ali pansi, thukuta likutsika m'khosi. Galasi litagawika pakati, Dailesi anasenda zotsalira ndi mpeni, n'kukolokosa phula pabowo ndi singano, n'kudonthezera mafuta dontho limodzi. Anaika loko pakati pa tebulo, zitsulo zake ziwiri zikulendewera, misomali yopindika ikuloza kumwamba. Anapukuta manja.

"Bambo a Melissa, tsegulani."

Zaka zitatu panalibe amene anamuitanapo choncho. Anadzidzimuka ngati wapondedwa. Koma Sebastiano anamukankha pamsana, anthu akukuwa kuti atsegule, atsegule. Fernando anamasula waya uja m'chiuno, misomali ndi masipoko zikulira. Panali makiyi mwina khumi. Sanafufuze. Zala zinapita zokha pa mmodzi, wamng'ono, wakuda ndi thukuta. Analowetsa. Anapotoza.

Kha.

Mukanamva phokoso lake. Nthungululu, mabelu, ena kumenya zidebe. Anyamata anamunyamula Fernando m'mwamba ngati wagoletsa chigoli. "Jesinta, lero usaphike, nthawi palibe!" "Kagule mphasa ina, iyo ing'ambika!" Ine ndinaimba likhweru lalitali kuposa onse.

Jesinta sanaseke. Anali atachotsa chitenje kumutu, akuyang'ana kiyi amene anali akadali pa loko. Atamutsitsa mwamuna wake, anafunsa, osati mokuwa, koma ife tinali pafupi tinamva.

"Bambo, kiyi ameneyu mwamutenga kuti?"

"Khala chete."

"Munandiuza kuti anali mmodzi. Munati anapita ndi madzi ali m'chiuno mwa mayiwa."

"Ndati khala chete. Tikakamba kunyumba."

"Kunyumba kuja mumanditsekera?"

Kumbuyo, amene sanamve ankamenyabe zidebe. Mayi wina wachikulire wa nsomba, mmodzi wa aja anasuntha mphasa mu tenti, anagwira pakamwa ndi dzanja la mamba. Ine likhweru linandiumira pamilomo. Dailesi anangoima, manja ali m'mbali, akutiyang'ana mmodzimmodzi, mosathamanga, ngati mmene amayang'anira tithovu.

Mukuganiza kuti tinagwada? Simukutidziwa. Sebastiano anakweza manja n'kuti, "Zakale izo, abale. Madzi aja anapha anthu ambiri." Ndipo anthu anavomera, ena mokweza, pakuti kuvomera zimenezo kunali kopepuka kusiyana ndi kukumbukira amene anaimba "Make Melissa" pamzere wa ufa. Mmodzimmodzi anakumbukira kuti wasiya nsomba padzuwa. Palibe anapepesa. Kupolisi sikunapite munthu. Dailesi yemwe anati akanene chiyani, mtembo palibe, nyumba palibe. Jesinta anakwera minibasi masana omwewo ndi zovala za m'thupi zokha, osadikira amalume. Fernando anaima kanthawi, kenako anatambasula dzanja, n'kutola loko uja, ndi zitsulo zake ziwiri, n'kuika m'thumba. Anali loko wabwino, wa mkuwa, akugwirabe ntchito.

Pano amakhala yekha kuseri kwa njanji. Ngati anachira sitikudziwa, palibe woti tifunse. Milamba akugulitsabe ndipo anthu akugula. Mayi wachikulire uja tsiku lina anasiya nsomba ziwiri patebulo la Dailesi, Dailesi n'kupatsa galu. Kutchalitchi anamuuza kuti atha kubwerera kutsogolo. Iye anati benchi ya kumbuyo ili pafupi ndi khomo, ndipo malo a pafupi ndi khomo amawakonda. Ntchito yake ikuyenda. Wayamba kuumba mitanda ya pamanda ing'onoing'ono, dzina lolembedwa ndi waya wofiira m'kati, ndipo kuno ofuna mitanda sasowa.

Koma bodza langa silinafe. Ndi lokoma kuposa zoona, ndipo silifuna kuti munthu achite manyazi. Mlendo akafunsa, amamuuza lomwelo, kungowonjezera kuti anamutsegula pamaso pa anthu kenako n'kukamutsekanso ndi loko wina. Za kiyi, za denga, za mwana wokhala pa mtanda, zimenezo amadumpha. Ndayesa kukonza, koma ndikayamba anthu amadikira pomwe pali poseketsa, akaona kuti palibe amachoka. N'chifukwa chake ndalemba, ngakhale cholembera chimandivuta kuposa sipoko yopindika.

Dzulo ndinamuuza kuti ndikulemba za iye, ndipo ndikufuna mawu ake enieni oti ndiike kumapeto. Anali akukwecha timanati ndi ndimu.

"Mayi a Melissa, anthu akufunabe kudziwa. Munamutseka munthu uja kapena ayi?"

"Nkhabe," anatero. "Za m'buluku mwake ndilibe nazo ntchito, zife, zidzuke, n'zake. Ine ndinkafuna atulutse kiyi inu nonse mukuona. Anatulutsa, munaona, ndipo munaimba likhweru."